Ndinagula kangaude wamkulu pashopu ya ziweto ku Manchester: kangaudeyo ali bwino, koma tanki yawo ija ayi

Chiikireni chithunzi cha Nachisale pa status ya WhatsApp foni yanga siikupuma, ena akuti mayi inu mwayamba liti zimenezi, ena akufunsa mtengo mobisa kkkk, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Nachisale ndi kangaude. Eya kangaude weniweni wa miyendo 8, aja amati tarantula, ndipo akukhala pabalaza pathu kuno ku Manchester chaka chachiwiri tsopano. Shopu yomwe tinamugula sinditchula dzina chifukwa pali zina zomwe ndidandaule ndipo za milandu ine sindifuna, koma ndi tishopu tija togulitsa njoka, abuluzi ndi akamba, komwe ukangolowa umalandiridwa ndi kutentha ndi kafungo ka dothi lonyowa ngati mvula yoyamba.

Nkhani inayamba ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 12, ankafuna galu. Alandilodi analemba kale mu kontrakiti kuti galu ayi mphaka ayi, komanso ine ndimagwira mashifiti ausiku kosamalira okalamba, bambo akunyumba amayendetsa galimoto ya katundu, galuyo akanamuyendetsa ndani. Mwana uja anakhala miyezi akuonera mavidiyo pa YouTube kenako tsiku lina akuti amama nanga tarantula. Ndinamuyankha kuti m'nyumba mwanga muno zaufiti sizilowa. Patatha masabata atatu tinali mushopu, eti kukangoona.

Linali Loweruka ndipo tinapeza mtsikana wina wachizungu wa ndolo pamphuno, ndikuuzeni ngati shopu imeneyi ili ndi chuma ndi mtsikana ameneyu. Sanathamangire kutigulitsa. Anayamba kufunsa kuti mwanayo ali ndi zaka zingati, m'nyumba muli khanda kodi, alipo wa asima, nyumba yanu imazizira bwanji nthawi ya chisanu. Mwana wanga maso anali pa kangaude wina wa olenji wowala bwino, mtsikana uja anangopukusa mutu nkuti uyu sindikugulitsani ngakhale mutalipira kawiri. Dzina lake Pterinochilus murinus, ndipo chondiseketsa ndi chakuti ameneyu ndi wa chigawo chathu chomwe chino cha Africa, amapezeka ku Tanzania, Mozambique, Zambia uko. Akuti a ku Africa ndi ku Asia amathamanga ngati mphezi ndipo ululu wao si wocheza, munthu umatha masiku minofu ikukokana. Ndinaima pamenepo ndikuwerenga mtengo pabokosi nkumaganiza kuti zinthu zimene kumudzi timangoziponda ndi silipasi kuno zili pa shelefu ndi mtengo wa mapaundi. Koma wogulitsa wokana ndalama chifukwa choopa kuti mwana wako avulala, ine pompo ndinamukhulupirira.

Amene anatilozera ndi Lasiodora parahybana, pa Chingerezi amati salmon pink birdeater, birdeater kutanthauza wodya mbalame. Kwao ndi ku Brazil, kumpoto chakum'mawa, dera la Paraíba, ndiko kunachokera dzina loti parahybana, ndipo akatswiri anamulemba koyamba mu 1917. Ndi wakuda ndi ubweya wautali wa pinki, amakhala pansi osati m'mitengo, amakula msanga ndipo akatambasula miyendo amapitirira masentimita 20, ali m'gulu la akuluakulu padziko lonse. Womuposa wodziwika ndi Goliath wa ku Venezuela ndi Guyana uja amafika pafupifupi masentimita 30, koma ameneyo akuti amavuta chinyezi, si wa ophunzira. Ndinafunsa kuti nanga bwanji wamkulu chonchi ali wotchipa kuposa tating'ono tina, akuti chifukwa wamkazi mmodzi amaikira mazira opitirira 1,000 kamodzi, nde ana ake ali mbwee kwa oweta. Ndinafunsanso za dzina loti birdeater lija, kuti ndiye tizimugulira mbalame? Apa anandiyankha ndi mwana wanga monyada, kuti dzinalo linachokera pa chojambula cha mayi wina Maria Sibylla Merian cha mu 1705, anajambula kangaude wa ku Suriname akudya kambalame, koma chakudya chao chenicheni ndi tizilombo. Za layisensi mtsikana uja anati ku UK kuno tarantula safuna chilolezo, lamulo la nyama zoopsa la 1976 limatchula akangaude ena ngati black widow koma awa mulibemo. Alandilodi ndinawalembera ndithu meseji, anayankha kuti bola chisatuluke.

Vuto linabwera sabata yotsatira. Tinagwirizana kuti tikamutenga Lachitatu ndikalandira, ndipo tsikulo mtsikana uja kunalibe, tinapeza bambo wina wamkulu amene ndikuganiza ndi mwini wake. Munthu wansangala bwinobwino, koma zikuoneka kuti iye mutu wake uli pa abuluzi. Kangaude anali £30, panthawiyo anali ngati masentimita 9. Kenako bambo uja akuti mukufunika starter kit, zonse zili momwemo, £85. Ine poti sindinkadziwa kanthu ndinangopereka khadi. Munali tanki yagalasi yaitali masentimita 45 kupita m'mwamba, chivundikiro cha waya wa sefa, thumba la timakungwa ta mitengo toyala pansi, kambale ka madzi kokhala ndi siponji, kamphasa kotenthetsa komata kunsi kwa tanki, ndi nyale. Kukongola kokha inali yokongola, pabalaza panaoneka ngati pa hotelo.

Koma Nachisale anaikana nyumbayo tsiku loyamba lomwe. Sankafuna kuponda timakungwa tija, tsiku lonse ali pagalasi, usiku akukwera mpaka kudenga. Ife tinkati akusangalala, akuyendera nyumba yatsopano. Tsiku lachisanu ndikuchokera ku shifiti cha m'ma 8 m'mawa, ndisanavule ndi jekete lomwe, ndinamupeza akulendewera ndi mwendo umodzi kuwaya kuja, tizikhadabo take takodwa mu sefa, thupi lonse lili lende. Abale ine amene ndinkati zaufiti ndinapezeka ndikunjenjemera ngati ndi mwana wanga. Ndinatenga kontena ya ayisikilimu nkuyika kunsi kwake, nkumukodola pang'onopang'ono ndi kaburashi kopentera ka mwana mpaka anagweramo. Mwendo sunaduke mwamwayi.

Madzulo ake tinakhala pansi ndi mwana kuwerenga za oweta enieni, ndipo ndi pamene ndinadziwa kuti pafupifupi chilichonse mu kit muja chinali cholakwika kwa kangaude wokhala pansi. Mimba ya tarantula ndi yofewa ngati tomato wakupsa, wolemera chonchi akagwa ngakhale kuchokera pamtunda waufupi imaphulika ndipo nthawi zambiri ndi maliro basi. Nchifukwa chake oweta amati kuchokera padothi kufika pachivundikiro pasapitirire utali wa miyendo yake kamodzi ndi theka. Yathu ija inali kanayi kapena kasanu. Waya wa sefa umakola zikhadabo, ndinadzionera ndekha. Timakungwa timamubaya ndipo sangakumbe. Siponji ndi yosafunika, amamwa yekha m'mbale ngati nkhuku, siponjiyo imangosunga litsiro ndi tizilombo. Nyale imaumitsa mpweya komanso iye kuwala sakufuna. Koma chimene chinandipsetsa mtima kwambiri ndi kamphasa kotenthetsa kapansi kaja, chifukwa kangaude akamva kutentha nzeru yake ndi yokumba pansi kufuna kozizira, nde iwe wayika moto pansi pomwepo, akamathawa akuthawira kumoto. Zimenezi munthu wogulitsa akangaude osazidziwa zoona? Kapena ankadziwa koma tanki inakhalitsa pa shelefu, kaya.

Ndinabwerera ndi risiti. Bambo uja anakana kubweza ndalama, akuti katundu wagwiritsidwa kale ntchito, ndipo ankalimbikira kuti ena amawetera momwemo osadandaula. Sindinakweze mawu, kuno ukakweza mawu ndiwe wolakwa ndiwe, koma ndinamuonetsa chithunzi cha kangaude ali lende. Mapeto ake anandipatsa vocha ya £20 yogulira momwemo. Loweruka lake mtsikana uja atamva anagwira kumutu, anapepesa ngati analakwa ndi iye, nkundipatsa njerwa ziwiri za makoko a kokonati zaulere, zija umaziviika m'madzi nkufufuma kukhala dothi. Ndipo ndi iyeyo amene anandinong'oneza kuti mayi pitani mukagule bokosi lapulasitiki losungiramo zovala, lalitali m'mbali koma lalifupi m'mwamba.

Nyumba imene Nachisale akukhalamo mpaka lero ndi bokosi la £8. Tinaboola timabowo m'mbali ndi msomali wotentha pa kuka, tinathira dothi la kokonati losakaniza ndi dothi wamba lopanda feteleza kapena mankhwala, lokuya masentimita 15, nkulitsendera bwino, chikhungwa chimodzi chopindika choti azibisalamo, ndi chitsekero cha botolo la chiponde ngati mbale ya madzi. Ngodya imodzi timaithira madzi kuti izikhala yonyowa pang'ono, kwinako kouma. Usiku woyamba womwewo anatsika, anakumba, anakankha dothi ngati thirakitala mpaka kukwirira mbale ya madzi, khalidwe lomwe sanasiye mpaka pano mxii. Kamphasa kotenthetsa kaja sitinataye, tinakamata m'mbali mwa bokosi ndipo tinagula padera thermostat, kachipangizo kozimitsa kamphasako kutentha kukakwanira, timayatsa miyezi yachisanu yokha chifukwa ndi mabilu a gasi akunowa nyumba yathu usiku imatsika pansi pa madigiri 18, pamene iye amasangalala pa 22 mpaka 26. Tanki ya £85 ija pano muli maluwa apulasitiki.

Tsono pa zakudya ndiye shopuyi ndilibe nayo mawu. Amalandira zamoyo sabata iliyonse ndipo mukapita tsiku lomwe zafika mumapeza zonse zili gwa, osati theka zakufa ngati zomwe ndinaitanitsapo pa intaneti ulendo wina. Kabokosi ka dzombe ndi mapaundi atatu. Inde, ziwala. Tsiku loyamba ndinaseka ndekha mu basi, ine mwana wa ku Dedza amene ndinakula ndikugwira ziwala m'mamawa mame asanaume, kuzithothola mapiko nkukazinga ndi kamchere, lero ndikuzigula ndi khadi la kubanki kukapatsa kangaude. Mayi anga nditawauza pafoni anangoti chete kenako akuti nde ndiwo zimenezo mukupatsa chilombo? Anenanso zoona, zimakhala zonenepa bwino moti nthawi zina ndimaziyang'ana kawiri kkkk. Nkhululu zing'onozing'ono zija amagulitsanso koma ndinasiya, zimanunkha zikakhalitsa, ndipo imodzi inathawira kuseri kwa filiji nkutiimbira masabata awiri, bambo akunyumba anatsala pang'ono kutisamutsa tonse. Mtsikana uja amalimbikitsa mphemvu zina zotchedwa dubia, akuti sizikwera pulasitiki yoterera ndipo sizingaswane m'nyumba yozizira, ndikukhulupirira, koma ine kulowetsa mphemvu m'nyumba ndi ndalama zanga ayi zikomo.

Amadya kamodzi pa sabata kapena pa masiku 10, ziwala ziwiri zazikulu basi. Nde kabokosi kamodzi kamakhalitsa, zotsalazo timaziponyera karoti ndi kabichi. Mukawerengera pamwezi sizifika ndi mapaundi 10 omwe, yerekezani ndi galu. Kadyedwe kake nkochititsa chidwi, maso ali nawo 8 koma saona bwino, amamva kugwedezeka kwa dothi, chiwala chikangoyenda pafupi mumangoona chagwidwa kale osaona kuti zachitika bwanji. Satafuna, amathira madzi ake osungunula nkumayamwa kwa maola, mawa mumapeza kampira ka zotsalira pakona. Akagwira amaimirira pa nsonga za miyendo nkumazungulira akuyala ulusi pansi, mwana wanga amati gule wa Nachisale.

Pomwe shopuyi inandigulanso mtima ndi pa kufundula. Patapita miyezi inayi anasiya kudya, sabata, awiri, mpaka asanu. Kumbuyo kwa mimba komwe kunali kadazi kunada bii nkumanyezimira. Tsiku lina m'mawa ndinamupeza ali chagada, miyendo m'mwamba, zii. Ndinati basi wafa, mwana ndimuuza bwanji akabwera kusukulu, ndinatenga kale pepala loti ndimukulungire. Mtima wina unati imba kaye foni. Mwamwayi anayankha ndi mtsikana uja ndipo ndisanamalize nkomwe anakuwa kuti musamukhudze, musamutembenuze, musamuwaze madzi, chotsani chiwala chilichonse chili mmenemo. Akuti tarantula akamafa amapinda miyendo kunsi kwa thupi ali chafufumimba, akagona chagada ndiye kuti akufundula ngati njoka. Ndinakhala pampando osagona ngakhale ndinali wochokera ku shifiti, kuonerera akudzisolola m'chikopa chakale pang'onopang'ono, zinatenga maola ngati 6. Atatuluka anali wofewa, wowala, ubweya wonse wabwerera ndipo wakula moonekeratu. Mano ake anali oyera ngati mkaka, ndipo anatiuza kuti tisamupatse chakudya mpaka ade, apo ayi amathyoka, tinadikira masabata awiri. Nthawi imeneyi ngakhale kankhululu kakang'ono kangathe kumudya iyeyo ali wofewa chonchija.

Chikopacho anati tibweretse. Anachinyowetsa ndi madzi a sopo, nkuchitambasula pansi pa nyale nkutionetsa kachikwama kakang'ono mkati mwa mimba komwe wamkazi amasungira mbewu ya mwamuna, nkuti mwapata, ndi mkazi. Sanatilipiritse kanthu. Nkhani yake ndi yakuti wamwamuna akakhwima amangokhala chaka chimodzi kapena ziwiri, kusiya kudya nkumangoyendayenda kufuna mkazi mpaka kufa, pamene wamkazi amatha kufika zaka 15. Apa ndi pamene dzina la Nachisale linakhazikika, poyamba mwana ankamutcha Rashford. Ndi pamenenso ndinawerengera kuti mwanayu adzapita ku yunivesite nkundisiyira ine chilombochi.

China chomwe bambo uja ananama, kapena tinene kuti sanafotokoze, anati ameneyu ndi wofatsa mutha kumamunyamula. Musayerekeze. Kuluma sanatilumepo, ndipo ululu wa mtundu umenewu akuti si woopsa kwa munthu, ngakhale mano okhawo ndi aatali moti bala lake lingakhale ndithu. Chida chake chenicheni ndi ubweya. Akakwiya amatembenuka nkupalasa mimba ndi miyendo yakumbuyo, tiubweya tosaoneka bwino timauluka, ndipo amatisiyanso dala mu dothi lake. Amene munakulira kumudzi mukudziwa chitedze. Ndi chimenecho basi, chitedze cha miyendo. Ine ndinasintha dothi tsiku lina opanda magolovesi, manja mpaka m'zigongono ndinakanda masiku atatu, kuntchito anzanga kumandifunsa ngati ndili ndi mphere, mpaka ndinakagula mapiritsi a ziwengo ku famasi. Pakhungu ndi zopirika koma tikalowa m'maso ndi nkhani ya kuchipatala, nde lamulo kwathu ndi lakuti nkhope kutali ndi bokosi, magolovesi, chopanira chachitali, ukamaliza kusamba m'manja. Ndipo kumunyamula phindu lake palibe, iye sakudziwa, sadzakudziwa, sasangalala nazo, ukadzidzimuka nkumugwetsa wapha. Shopu imayenera kunena zimenezi kwa aliyense asanalipire, makamaka pamene wabwera ndi mwana.

Za alendo ndiye nkhani ina. Amayi a kumpingo atabwera kudzapanga mapemphero a m'nyumba mmodzi anangoona bokosi nkufunsa kuti muli chani, mwana wanga wopanda chinsinsi uja nkutsegula. Mayi wina anafika pakhomo sindikudziwa kuti anadumpha bwanji tebulo. Sabata yomweyo ndinamva kuti kwinaku akuti ndinakhwimira mapepala, ena akuti nchifukwa chake mashifiti samandithera. Ndikanakhala wokhwima bwenzi ndikusintha matewera a azigogo usiku wonse? Pano kukamabwera anthu timangofunditsa chitenje pabokosi, iyenso mdima amaukonda, aliyense ali pa mtendere. Apongozi anga okha ndi amene anandidabwitsa, atabwera kudzacheza anakhala naye pafupi tsiku lonse nkumati akufanana ndi aja amatuluka m'mauna kumunda mvula ikagwa, kungoti uyu wadya bwino.

December wapitayu tinapita kumudzi masabata atatu. Shopuyi imasungira anthu ziweto akachoka, pa mtengo wa tsiku, nde ndinapita kukafunsa. Mtsikana uja akuti musataye ndalama, kumunyamula pa basi m'chisanu ndi koopsa kuposa kumusiya, mudyetseni sabata imodzi musananyamuke, dzazani madzi, thermostat ikhale yoyaka, wina azingobwera kudzaona madzi kamodzi pa sabata. Tinatero, mnzanga wa ku Zimbabwe wa nyumba yachitatu ndi amene ankabwera, akuti ankathira madzi atatseka diso limodzi. Tinamupeza Nachisale ali phee pomwe tinamusiya, mbale ataikwirira.

Nde mukandifunsa nyenyezi, kangaude yekhayo ndi thanzi lomwe anabwera nalo ndipereka 5, zakudya 5, mtsikana wa Loweruka ndikanatha ndikanamupatsa 10, koma starter kit ija 1 ndipo imodziyo ndi ya kamphasa. Kubweza katundu 2. Ngati muli ndi mwana amene akufuna choseweretsa, chomuthamangira akamabwera kusukulu, musavutike, ichi masiku ambiri chimangokhala ngati mwala waubweya, mwina maola 10 osasuntha mwendo. Wanga uja chidwi chinatsika pa miyezi 6, pano amangobwera pa nthawi yodyetsa ndi anzake kudzajambula. Amene ndimakhala naye ndine, ndikabwera m'mawa nyumba ili zii, tiyi m'manja, kumuona akukonza miyendo yake umodzi umodzi mkamwa ngati mphaka.

Wafundulanso kawiri chichokereni nthawi ija, chikopa chomaliza tinayeza ndi rula chinakwana masentimita 17, bokosi layamba kuchepa. Loweruka likubwerali ndikupita kukatenga njerwa zina za kokonati ndi ziwala, vocha ija idakali ndi mapaundi anayi. Ndaimba kale kufunsa ngati mtsikana uja adzakhalepo.